ULENDO WA KU MAPANGA A CHINHOYI

 Ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda m'dzinja kukaona mapanga a Chinhoyi, pakuti ambiri a ife takhala zaka zosawerengeka m'dziko lino la Zimbabwe, koma cimene tidziwa ndi munda wa fodya, cigafa ndi komboni basi.

Mapangawa ali pafupi-fupi makilomita 9 kupitirira tauni ya Chinhoyi, pa mseu waukuru wocokera ku Harare kumka ku Chirundu. Akuru aidziwa tauniyi ndi dzina la Sinoia, limene linasinthidwa m'caka ca 1982. Tinanyamuka Lamulungu m'mamawa anthu anai, ndipo mmodzi wa ife anali nkhalamba ya Cingoni, mwana wa mcona wa ku Mchinji, wobadwira pa famu ndi kukalambira pomwepo. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo timapiri ta kumeneko tinali titabvala nkhungu.

Titalipira pa cipata kwa alonda a boma, tinalowa njira yotsetsereka ya pansi pa nthaka, madzi alikudontha pamitu pathu. Tsono kutsogolo kunayera, ndipo tinaturukira pa dziwe limene Azungu alicha Sleeping Pool. Madzi ace ali obiriwira monga thambo la m'masika, ndi oyera kotero kuti miyala ya m'kati ioneka ngati iri pafupi, koma kuya kwace kuposa mamita 80. Pamwamba pace pali cibowo cacikuru, ca makoma oimirira oposa mamita 40, pamene dzuwa lilowera.

Wina adzafunsa kuti anakumba dzenje lotere ndani. Palibe munthu analikumba. Mwala wa kumeneko uli wa laimu, ndi wina wochedwa dolomite, ndipo madzi a mvula, polowa m'ming'alu, ausungunula pang'ono-pang'ono kwa zaka zikwi zambiri-mbiri. Mphanga itakula, denga lace linalemedwa niligwa, ndipo ndico cibowo cija. Madziwo sasintha kufunda kwace: akhala pa madigiri 22 m'cisanu ndi m'cilimwe momwe. Anthu omira m'madzi atasenza mpweya kumsana anapeza njira zina zopitirira pansi pa miyala.

Koma cimene cinandigwira mtima ndi dzina la eni dziko. Mashona alicha dziweli Chirorodziva, ndiko kunena dziwe la anthu ogwa. Asimba kuti m'zaka za 1830 ankhondo a Cingoni, pocokera kumwera, anadzidzimutsa anthu okhala pamenepo, nawaponya m'dziwemo. Ndipo tidziwa kuti anthu a Zwangendaba anapyoladi dziko lino, naoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana. Mwana wace Mpezeni ndiye anakhazika Angoni ku dera la Chipata ndi Mchinji.

Mlonda atatha kusimba izi, nkhalamba ija inabvula cipewa nikhala cete nthawi yaitali. Ndinaifunsa, "Agogo, kodi mwatopa?" Iwo anati, "Iai, mwana wanga. Atate anandisimbira za kuoloka mtsinje dzuwa litada, koma za dziwe ili sananene kanthu. Ine ndinayesa kuti tinafika kuno ndi khasu lokha, osadziwa kuti nthungo inatsogola." Palibe wa ife anayankha. Mlonda uja, amene ali Mshona, anawagwira dzanja nawatsogolera pa makwerero oterera.

Pambuyo pace tinalowa mphanga yaciwiri, Dark Cave, ya tinjira topapatiza tounikidwa ndi magetsi, ndipo pa mapeto ace munthu alipenya dziwe lija ali pamwamba. M'mapanga muno mfumu Chinhoyi ndi anthu ace anali kubisala pothawa adani. Ena alemba kuti mlenje Frederick Selous ndiye anawatulukira m'caka ca 1887. Koma kodi munthu atulukira bwanji nyumba imene apezamo eni ace? Boma linaika malowa pansi pa citetezo cace monga paki.

Amene afuna kupitako asamale zinthu izi: nsapato zikhale zosaterera, ana agwidwe pa dzanja, ndipo asayese munthu kusambamo, cifukwa kuyera kwa madziwo kunyenga maso. Amene ali ndi masiku ambiri a chuthi ndi ndalama ya ulendo apitirire kum'mawa ku mapiri a mvula a Nyanga, kumene kuli phiri la Nyangani la mamita 2,592, ndi mathithi a Mutarazi ogwera m'cigwa ca Honde, kumene alima tii monga ku Mulanje.

Akuru anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma makolo athu anadza kudzagwira nchito ya zaka ziwiri, ndipo lero adzukulu ao ali pano, manda ao alinso pano. Cifukwa cace nkoyenera kuti ana athu adziwe dziko limene anabadwiramo, zokoma zace ndi zowawa zace zomwe. Sungani pang'ono pa malipiro a mwezi, mupite nao akaone.

Tsalani bwino, ndine wanu,

KALALIKI WA PA FAMU.