Kodi mumadziwa? Tulo ta ku opaleshoni timayezedwa pa sikelo

Namwino akakukwezani pa sikelo ku Chipata Central Hospital opaleshoni isanachitike, kodi mumayesa akufuna kuona ngati nsima ikukuyanjani? Ayi ndithu, akuwerengera tulo tanu! Mankhwala ogonetsa otchedwa propofol, oyera mbee, amabayidwa mamiligalamu pafupifupi 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, moti munthu wa makilogalamu 60 amakomoka ndi mamiligalamu 120 okha.

Akabaya kamodzi n'kuleka, tuloto sitikhalitsa. Munthu amatsitsimuka mphindi 10 zisanathe.

Nanga agogo? Ubongo ukamakalamba umagonja msanga, choncho mlingo wa mpweya wogonetsa umatsika ndi 6 peresenti pa zaka 10 zilizonse. Agogo a zaka 80 akapatsidwa mlingo wa mdzukulu wawo, BP imagwa, amachedwa kudzuka, ndipo ena amasokonezeka mutu osazindikira ngakhale ana awo. Abale asathamangire kunong'onezana za ufiti pakhonde la wadi: kusokonezekaku nthawi zambiri kumatha pakapita masiku ochepa.

Inu a kachasu, mwamva? Thupi lozolowera mowa kawirikawiri limafuna mankhwala ochulukirapo kuti ligone, ndiye dokotala akafunsa, nenani mabotolo onse, osati theka.

Amayi ambiri obereka pa opaleshoni, kaya ku St Francis ku Katete kaya ku Mwami, sagonetsedwa n'komwe. Amalandira jakisoni wa pamsana, thupi n'kuchita dzanzi kuyambira m'mimba mpaka ku zala za kumapazi, koma mayi ali maso, kulira koyamba kwa mwana n'kukumva yekha. Akapyoletsa mlingo, dzanzi limakwera kuchifuwa, kupuma n'kuvuta. Mlingo woyenerawo ndi wochuluka bwanji? Mamililita 2 kapena kuposa pang'ono, theka chabe la kasupuni ka tiyi!

Ketamine, wopangidwa ku America mu 1962, ndiye bwenzi la zipatala zakumidzi, chifukwa munthu amapitiriza kupuma yekha ngakhale magetsi atazima. Vuto lake ndi podzuka: ena amaona zinthu zoopsa, ena kuimba, ena kubwebweta. Akabayidwa m'mnofu m'malo mwa mumtsempha, mlingo wake umachuluka mwina kasanu.

Kusanza nako? Pamene sanapatsidwe mankhwala oletsa mseru, wodwala mmodzi mwa atatu aliwonse amachita mseru kapena kusanza akadzuka.

Ndipo kodi mumadziwa kuti ngozi yaikulu imadikira ku wadi? Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 m'magazini ya The Lancet anatsatira odwala oposa 11,000 m'mayiko 25 a mu Africa, Zambia ili momwemo. Odwalawo anali achichepere ndiponso athanzi kuposa a kumayiko ena, komabe chiopsezo chawo chomwalira chinali chowirikiza kawiri, ndipo imfa zoposa 9 mwa 10 zilizonse zinachitika tsiku la opaleshoni litadutsa kale.