Diso Limanyengedwa ndi Nyali

Amayi anzanga, kodi sizinakuchitikireni kuti mwagula ulusi m'sitolo poona kuti ukufanana ndi nsalu yanu, koma pofika kunyumba ndi kuuyang'ana padzuŵa mupeza kuti ndi mitundu iŵiri yosiyana? Kapena munadzidzudzula nokha, kapena munakwiyira wogulitsa. Sabata ino tikuuzani za amisiri ena amene vuto lomweli limaŵasoŵetsa tulo. Aŵa ndi anthu opanga zifaniziro za zinthu zimene zinaoneka m'mafilimu otchuka, monga zombo, nsapato ndi malupanga. Kusema ndi kulumikiza amakutha bwino, koma pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa utoto.

Tiyambe ndi nkhani ya ku America. Kuyambira m'chaka cha 1966 mpaka 1969, anthu kumeneko ankaonera pa wailesi ya kanema seŵero lotchedwa Star Trek. M'seŵeromo munali chombo choyenda m'mlengalenga, dzina lake Enterprise. Chombocho sichinauluke ndi tsiku limodzi lomwe. Chinali chifaniziro cha matabwa ndi pulasitiki, chotalika mamita 3.4, chimene ankachijambula m'nyumba pansi pa nyali zamphamvu. Mu 1974 eni ake anachipereka ku National Air and Space Museum, nyumba yosungiramo zinthu za mbiri mu mzinda wa Washington.

Pamene zaka zinkapita chombocho chinakonzedwa kangapo, ndipo pokonza cha mu 1991 anachipaka mizere yambiri yakuda ndi timaŵanga toonetsa kutha. Okonda seŵerolo ambiri anadandaula kuti chimenecho sindicho chombo chimene ankachidziŵa. Tsono mu 2014 akuluakulu a nyumbayo anachichotsa poonekera kuti achibwezere maonekedwe ake a mu Ogasiti 1967. Funso linali lakuti: kodi mtundu wake weniweni unali wotani?

Akadafunsa anthu oonera, yankho likadakhala lakuti chinali choyera kapena chotuŵa. Koma akatswiriwo sanadalire chikumbumtima cha munthu. Anatapa tizidutswa ta utoto tochepa kwambiri, natiika pa makina okuza zinthu zazing'ono, naona utoto wa zaka zosiyanasiyana utasanjikizana, wakale pansi, watsopano pamwamba. Mwa mwaŵi, pamwamba pa mbali yozungulira ya chombocho, yonga mbale, okonza onse anali atasiyapo utoto woyamba osaukhudza. Anapeza kuti mtunduwo unali wotuŵa mobiriŵira pang'ono. Kubiriŵirako kunkazimirira chifukwa cha kuŵala kwa nyali ndi filimu yojambulira. Atasakaniza utoto wofanana ndi woyambawo anachipakanso, ndipo chinabwerera poonekera mu Juni 2016.

Nkhani yachiŵiri ikukomerani inu okonda zovala. Mu filimu ya 1939 yotchedwa The Wizard of Oz, mtsikana Judy Garland anavala nsapato zofiira zonyezimira. M'buku la 1900 limene filimuyo inachokera, nsapatozo zinali zasiliva, koma opanga filimu anasankha zofiira kuti zikongole pa kanema wa mitundu, amene panthaŵiyo anali chinthu chachilendo. Amene amakaziona nsapatozo ku Washington amadabwa kuti ziri zofiira moderapo kusiyana ndi za m'filimu. Anachita dala, pakuti zofiira kwambiri zikadaoneka ngati lalanje pa kanema.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Mmisiri wopanga chifaniziro ayenera kuyamba wasankha: kodi akufuna mtundu umene unapakidwa pa chinthu chenichenicho, kapena umene anthu anauona pa kanema? Akatsata woyambawo, anzake amati walakwitsa. Akatsata wachiŵiriwo, odziŵa mbiri amati wanama. Onse aŵiri ali ndi mfundo, ndipo mmisiri wanzeru amanena poyera njira imene watsata kuti wogula asadzaone ngati wapusitsidwa.

Akasankha, pamatsala misampha ina. Woyamba ndi wa nyali. Utoto uŵiri ungathe kufanana ndendende pansi pa getsi, koma n'kusiyana padzuŵa, chifukwa kuŵala kwa babu kumapendekera ku chikasu pamene kwa masana kuli koyera. Wachiŵiri ndi wakuti utoto wauŵisi sufanana ndi wouma. Wachitatu ndi wa chimene chiri pansi: chofiira chopakidwa pa choyera chimaŵala, chopakidwa pa chakuda chimadera. Wachinayi ndi ukalamba, pakuti vanishi amasanduka wachikasu pakapita zaka, ndipo dzuŵa limafwifwitsa utoto. Chinthu cha zaka makumi asanu sichionekanso monga tsiku limene chinapakidwa.

Palinso msampha wa kukula. Taonani phiri liri patali: limaoneka lotuŵa, ngakhale mitengo yake iri yobiriŵira. Chotero opanga tizifaniziro tating'ono amathirako utoto woyera pang'ono, kuti kanthu kokwana m'dzanja kaoneke ngati chinthu chachikulu choonedwa chapatali. Akapanda kutero kamaoneka ngati chidole cha mwana.

Pofuna kuthetsa mikangano, anthu anapanga mabuku a mitundu, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Ku Germany dongosolo lotchedwa RAL linayamba mu 1927 ndi mitundu 40, ndipo ku America la Pantone linatuluka mu 1963. Mmisiri wa ku London akatchula nambala, mnzake wa ku Tokyo amadziŵa chimene akunena, pamene mawu akuti "chotuŵa" okha angatanthauze mitundu yosaŵerengeka. Komabe nambala sinaloŵe m'malo mwa kuyesa. Mmisiri amayamba wapaka pa kachidutswa kapadera, kaŵirikaŵiri pa supuni ya pulasitiki, nadikira kuti paume, nakayang'ana panja ndi m'nyumba momwe. Akakhutira amalemba m'kope madontho amene wasakaniza, kuti maŵa asayambenso kuyerekeza.

Nzeru imeneyi simafuna ndalama, amayi. Mukafuna penti wophimbira pamene khoma lakanganuka, tengani kachibenthu ka khomalo popita ku sitolo, ndipo muyambe mwapaka pakona pobisika ndi kudikira mpaka paume. Mukamagula ulusi, zipi kapena nsalu yoonjezera pa diresi, pemphani wogulitsa kuti mutuluke nazo pakhomo muziyang'ane padzuŵa. Musachite manyazi. Akatswiri a ku Washington anakhala ndi chombo chija pafupifupi zaka ziŵiri asanachibwezere pamaso pa anthu, ndipo inu mukungopempha mphindi imodzi.