Bambo Amve Okha za Matenda Awo

M'makomo ambiri ku Mitundu ndi ku Nathenje nkhaniyi imayamba usiku. Bambo opyola zaka 50 amadzuka kanayi kasanu kukataya madzi, mkodzo n'kumangodontha, koma kukacha sauza munthu. Tsiku limene watsekeratu, ana amathamangira nawo ku chipatala cha Mitundu kapena cha mishoni ku Nkhoma kukawaika paipi. Nthawi zambiri kumakhala kukula chabe kwa prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, kumene kumadza ndi ukalamba. Koma ena amatumizidwa ku Kamuzu Central, ndipo magazi ndi kanyama kamene adokotala atapa zikayezedwa, pamatuluka dzina loti khansa. Gadiyani akaima pakhonde, buku la kuchipatala lili m'manja, foni imazungulira abale, ndipo asanakwere minibasi agwirizana kale kuti mkuluyu asauzidwe.

Kubisaku kumachokera m'chikondi, koma wopwetekeka ndi mwini thupi. Khansa ya prostate imadyetsedwa ndi mahomoni ochokera m'machende. Mu 1941 Charles Huggins wa ku Chicago anasonyeza kuti kutseka mahomoniwo kumaifooketsa ngakhale itafika kale m'mafupa, n'chifukwa chake lero adokotala amakamba za jakisoni wobwerezabwereza kapena opaleshoni yochotsa machende. Nanga mwamuna amene wauzidwa kuti ndi chikhodzodzo chabe angavomere bwanji opaleshoni yotere? Amakana, n'kuyamba kukayikira m'bale amene anakangana naye malire a munda. Mbuzi ndi ndalama za fodya zimathera kwa asing'anga, msana ukuwawirawirabe.

Ena amati mkulu akamva amataya mtima n'kufa msanga. Mantha amenewa si opeputsa, pakuti kwa ambiri khansa imamveka ngati uthenga wa maliro. Komabe munthu amene akuwonda, thumba la mkodzo atalibisa m'jekete, amaona ndithu kuti iye akalowa macheza amaduka. Amadziwa, koma yekhayekha, opanda womufunsa. Chimene amamanidwa ndi mbali yolimbitsa mtima: khansa ya prostate kawirikawiri imayenda pang'onopang'ono, ndipo ambiri amakhala nayo zaka akupalira chimanga chawo. Ina imathamanga, zoona. Adokotala akamakana kutchula miyezi sakubisa kanthu. Akudikira kuona ngati chizindikiro cha khansayi m'magazi, chotchedwa PSA, chitsike mankhwala akayamba. Kudikira kumeneku n'kolemera, ndipo kumalemera kawiri ngati aliyense m'nyumba akusenza payekha.

Palinso za ulemu. Mwana wamkazi sangakhale pamphasa n'kumakamba za kumaso ndi bambo ake, ndipo palibe akumukakamiza. Mwambo womwewo unatisiyira njira: mchimwene wawo, mwini mbumba, mkulu wa mpingo, kapena adokotala eniake mayi ali pomwepo. Funso loyamba likhale lakuti, "Bambo, mukufuna adokotala akufotokozereni zonse, kapena auze ife?" Ena adzasankha kusamva zambiri. Umenewo ndi ufulu wawo, pokhapokha asankhe okha.

Amene wauzidwa amathanso kufunsa zimene zilipo. Kale wofuna chithandizo chowotcha khansa ankatumizidwa kunja, monga ku India, koma mu 2025 boma linatsegulira National Cancer Centre pa Kamuzu Central pomwepo. Ululu wa m'mafupa uli ndi mankhwala, kuphatikizapo mofini wakumwa, amene anamwino osamalira odwala matenda okhalitsa amaphunzitsa gadiyani kupereka pa maola ake, osadikira kuti wodwala abuule. Ndipo kuno kumene amuna ambiri ndi akamwini, bambo odziwa za matenda awo amakhala ndi mpata woitana abale a kuchimuna ndi kuchikazi, kapena kulemba wilo monga lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalolera, n'kunena ndi pakamwa pawo za ng'ombe, ngolo ndi nyumba ya malata imene mayi adzatsalemo.