Malasha pansi, munda pamwamba: woweruza ndani ku Moatize?

Munthu wina ali ndi munda umene adamusiyira makolo ake. Wina ali ndi chikalata cha boma chomulola kukumba malasha amene ali pansi pa munda womwewo. Onse awiri akuloza lamulo, ndipo palibe amene akunama. Umenewu ndiwo mlandu umene wakhala ukusautsa anthu kuno ku Moatize kuyambira m'chaka cha 2009.

Malinga ndi malamulo a dziko lino la Mozambique, nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Koma lamulo la za malo la m'chaka cha 1997 limanenanso kuti munthu amene akulima malo potsatira mwambo wa makolo ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe pepala lililonse. Tsono boma lomwelo ndilo lidasainirana pangano ndi kampani ya Vale ya ku Brazil mu 2007 kuti ikumbe malasha. Amene adapereka ufulu kwa onse awiri ndi mmodzi, choncho sangaime patali nkumati gwirizanani nokha.

M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja 1,365 adasamutsidwa ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe. Oposa 700, amene adalembedwa kuti ndi alimi, adapita nawo ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 cha kunjira yopita ku Zóbuè, pamene ena adakhazikidwa ku 25 de Setembro m'tauni momwemuno. A ku Cateme adawalonjeza mahekitala awiri banja lililonse koma adayamba alandira imodzi, kwinaku yamiyala yokhayokha. Mtsinje wa Revúboè udatsala kumbuyo, msika wogulitsirako nkhuni ndi makala udatalika, ndipo nyumba zambiri zatsopanozo sizidachedwe kuchita ming'alu.

Chimene ambirife timaiwala nchakuti ku Cateme sikudali kopanda anthu. Minda ina imene alendowa adapatsidwa idali ndi eni ake, nawonso otetezedwa ndi lamulo lomwe lija la 1997. Apa mkangano sudalinso wa mlimi ndi kampani ayi, koma wa mlimi ndi mlimi mnzake, onse a khasu limodzi. Ntchito yoyeza malo ndi kufunsa mafumu anthu asadatsike m'galimoto idali ya boma.

Pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana adatseka njanji yonyamula malasha kupita ku Beira. Boma lidatumiza apolisi, ndipo anthu 14 adamangidwa. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho ndi pamene boma lidatulutsa lamulo la nambala 31/2012 lonena za kusamutsa anthu. Lamuloli limati pasachepere misonkhano inayi ya poyera yomva maganizo a anthu, ndondomeko yosamutsira ivomerezedwe ndi akuluakulu a boma a m'deralo, ndipo moyo wa osamutsidwa ufanane kapena upose wa kumene achokera. Ndi lamulo labwino ndithu, koma kwa a ku Cateme lidafika madzi atatayika kale.

Oumba njerwa nawo, amene ambiri adalandira mametikali 60,000 aliyense ngati chipepeso, adatseka misewu ya ku mgodi mu Epulo 2013 ponena kuti ndalamayo ikuchepa poyerekeza ndi ntchito ya moyo wonse. Mu Okotobala 2018 anthu a ku Bagamoyo adalowa mumgodi nkuimitsa makina kaamba ka fumbi ndi kuphulitsa miyala. Taganizani, abale anga: woyendetsa makinawo ali ndi ufulu wogwira ntchito kuti adyetse ana ake, pamene mayi amene ufa wake ukuda pamphasa ali ndi ufulu wopuma mpweya wabwino. Mwina awiriwa amapemphera tchalitchi chimodzi.

Vuto, m'kuona kwanga, ndi lakuti woweruza pamlanduwu amalandiranso msonkho kuchokera kwa mmodzi wa okanganawo. Nchifukwa chake anthu amafuna kuona ndi maso: zimene apeza poyeza fumbi zizilengezedwa pawailesi, mapangano a chipepeso azilembedwa ndi kuwerengedwa m'Chinyungwe ndi m'Chichewa pamaso pa mafumu, ndipo wodandaula azidziwa khomo loti agogode asadaganize zoika miyala panjanji.

Vale idagulitsa mgodiwu pamodzi ndi njanji ndi doko lake kwa kampani ya Vulcan mu 2022 pa mtengo wa madola 270 miliyoni. Mu 2024 anthu oyandikana ndi mgodi adalembanso kalata yodandaula za fumbi lomwe lija.