Sukulu ya ndege ili ngati boti lobwereka

Mwana wa mlongo wanga, amene walemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, anandipeza pa dooko kuno ku Benga ndikudikira usipa wam'mawa. Anangopereka moni basi n'kulunjika pa nkhani. "Amalume, ine ndikufuna kudzayendetsa ndege. Fizi yake ndi zingati pa teremu?" Ndinaseka, iye n'kukwinya nkhope poganiza kuti ndikuseka maloto ake. Chinandiseketsa ndi mawu oti teremu. Kusukulu ya ndege ndalama siziwerengedwa pa teremu ayi, zimawerengedwa pa ola. Ndinamulozera maboti a chilimira amene ankakocheza nthawi imeneyo, chifukwa nkhani yonse inali pomwepo.

Aliyense wa m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti injini ikangolira, ndalama yayamba kupsa. Kaya usipa wagwidwa kaya alovi abwerako manja lende, petulo wapita, nyali zayaka usiku wonse, injini yakalambako pang'ono. Ndege yophunzirira ilinso chimodzimodzi. Sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito kandege kotchedwa Cessna 172, ka mipando inayi, kamene kamamwa malita oposa 30 pa ola. Mafuta ake ndi amtundu wapadera, okwera mtengo kuposa petulo amene timagula m'zigubu m'mbali mwa msewu wa M5. Injini yake ikayenda maola pafupifupi 2,000 imatsitsidwa n'kuphwasulidwa yonse, ngakhale ikulira bwinobwino. Onjezanipo malipiro a mphunzitsi wokhala pambali panu, inshuwalansi, amakaniko ndiponso msonkho woterera pa bwalo. Mwini sukulu amasonkhetsa zonsezi n'kuzigawa pa ola, ndipo wophunzira amagula maolawo limodzilimodzi.

Tsono maola angati? Apa mpofunika kukumbukira kuti panyanja palinso makwerero. Mnyamata wopalasa bwato kukawedza ndiwo za pakhomo ndi wina, woyendetsa boti lonyamula anthu ndi wina, ndipo kapitawo wa Ilala, sitima imene yayenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndi winanso. Chiphaso choyamba cha woyendetsa ndege, chimene amati PPL, ndi cha munthu wa bwato uja. Angathe kuuluka yekha kapena kutenga abale, koma saloledwa kulipidwa. Bungwe loona za ndege pa dziko lonse la ICAO linaika maola osachepera 40, ku South Africa amafuna 45, ndipo ophunzira ambiri amapyola pamenepo asanakhwime. Chiphaso chodyera ndi chachiwiri, CPL, chimene chimafuna maola 200 kwa munthu wophunzira pang'onopang'ono, kapena ochepera apo ngati walowa maphunziro apadera ovomerezeka oyenda mosadukiza. Pakati pa ziwirizi pali kuphunzira kuuluka usiku, kuuluka m'mitambo poyang'ana zipangizo zokha, ndi kuyendetsa ndege ya injini ziwiri, chilichonse ndi mtengo wake. Chiphaso cha ukapitawo wa ndege zikuluzikulu, ATPL, chimadikira maola 1,500. Amenewo sagulidwa ndi ndalama za makolo, munthu amawapeza ali kale pa ntchito.

Makolo ambiri amagwa m'mbuna pa chiphaso choyambachi. Amamva mtengo wa PPL, n'kuona kuti atagulitsa puloti ndi matumba a mpunga zingatheke, osadziwa kuti agula bwato pamene mwana akufuna boti. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri apitako, kuchoka pa ziro kufika pa CPL yokhala ndi zonse zofunika pa ntchito kumadya ndalama zoposa theka la miliyoni ya marandi, malo ogona ndi chakudya zili padera.

Ndati marandi, ndipo vuto lathu lenileni lagona pamenepo. Ife timasunga makwacha, sukulu imafuna marandi kapena madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Banja limene linasonkha ndalama za maola 100 mu Okutobala chaka chimenecho, linadzuka mwezi wotsatira ndalama zomwezo zikugula maola pafupifupi 70. Palibe anaba, palibe anawononga, maola 30 anangosungunuka. Komanso kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti banki ikupatsani ndalama zakunja tsiku limene mwazifuna. Mwana amakhala pansi kudikira, lendi ikuyenda.

Kukhala pansi kumeneko ndi kumene kumadula kuposa china chilichonse. Ukonde ukausiya pa mchenga miyezi itatu, tsiku lobwerera panyanja umayamba ndi kusoka, kuwedza kumabwera pambuyo. Manja a wophunzira ndege amaiwalanso. Amene wadukiza miyezi itatu chifukwa ndalama zathera panjira, akabwerera mphunzitsi sangamulole kuuluka yekha mpaka abwereze zimene anazidziwa kale, ndipo kubwerezako amalipira pa mtengo wa ola womwe uja. Nawo mayeso olemba ali ndi nthawi yake, akakhalitsa osamaliza chiphaso amatha ntchito. Wouluka kanayi pa mlungu amamaliza ndi maola ochepa kuposa wouluka kamodzi pa mwezi. Zikumveka zokhota koma ndi momwe zilili: wosauka amene akulipira modontheza amalipira zambiri kuposa wolemera.

Nanga tingonyamula ndalama zonse kukapereka ku sukulu tsiku loyamba? Ayi ndithu. Funsani aliyense amene anakhomesapo boti la matabwa. Mmisiri umamupatsa ya matabwa, akaimika msana ndi nthiti umamupatsa ina, yotsala umapereka boti litalowa m'madzi osadontha. Ukamupatsa yonse poyamba, udzatha nsapato kumulondola. Sukulu za ndege ndi bizinesi, ndipo m'mayiko angapo zina zatsekedwa ndalama za ophunzira zili m'kati. Sukulu ikakunyengererani ndi kuchotsera mtengo kuti mulipire maphunziro onse nthawi imodzi, ganizani kawiri. Ndalama za gawo lonse zikhalepo musananyamuke, koma zituluke m'manja mwanu maola khumi kapena makumi awiri pa nthawi, ndipo pakhale pepala lonena kuti zotsala zidzabwezedwa motani mukachoka.

Kusankha sukulu nakonso ndi nzeru ya pa dooko. Mlovi wofuna ntchito sakopeka ndi penti ya boti kapena dzina lolembedwa m'mbali. Amabwera m'bandakucha kudzaona maboti angati a bwana ameneyu analowadi m'madzi, ndi injini zingati zagona pansi pa mtengo kudikira sipeya. Zithunzi za pa Facebook za anyamata ovala malaya oyera ndi mizere ya golide paphewa ndi penti chabe. Funsani kuti ndege zouluka lero ndi zingati, ophunzira ndi angati. Ndege zinayi pa ophunzira 80 ndiye kuti mwana adzathera nthawi yake pa mzere. Funsani ngati ali ndi amakaniko awoawo. Funsaninso za aphunzitsi, chifukwa ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene akusonkhetsa maola kuti akalembedwe ku kampani yaikulu, ndipo akachoka pakati pa maphunziro, wobwerayo amafuna kuona kaye luso la wophunzira, maola ena n'kupita. Mayankho oona sali mu ofesi. Pezani wophunzira amene ali pomwepo, makamaka mlendo mnzanu, mumufunse kuti anauzidwa miyezi ingati ndipo watha ingati.

Za nyengo sindingaphunzitse munthu wa ku Benga. Mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi, maboti amagona kumtunda ndipo usipa umakwera mtengo pa thandala. Wophunzira ndege saloledwa kuuluka yekha kukakhala mphepo yamphamvu kapena mitambo yotsika, choncho dera la nkhungu ndi mvula yosalekeza limatalikitsa maphunziro. N'chifukwa chake South Africa imakoka ophunzira ochokera kutali, masiku ake owala ndi ambiri. Kuli 43 Air School ku Port Alfred, Progress Flight Academy kufupi ndi Gqeberha, ndi sukulu zambiri pa mabwalo a Lanseria ndi Wonderboom m'chigawo cha Johannesburg ndi Pretoria. Kwina kulinso: sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa, ya ku Soroti m'dziko la Uganda imene inayamba mu 1971, ZASTI ku Lusaka, ndi zingapo pa bwalo la Wilson ku Nairobi. Sindikutchula mayinawa kuti ndikuyamikireni ina mwa izo, mafunso aja akafunsidwe kulikonse. Kuno kwathu sukulu ya za ndege ya pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi imadziwika ndi kuphunzitsa anthu otsogolera ndege ali pansi ndi ozimitsa moto, ntchito zimene mnyamata wokonda ndege asazinyoze.

Pepala limodzi lisaiwalike. Sukulu iyenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe loona za ndege m'dziko lakelo, ndipo musanatumize tambala, kafunseni ku Malawi Civil Aviation Authority ngati chiphaso chochokera kumeneko adzachilandira, ndi mayeso ati amene mwana adzalembenso pobwera. Nayo kalata ya mtengo muiwerenge monga momwe amayi ogula usipa amayang'anira ndowa, kuona ngati pansi pake sipanamenyedwe kuti pakwere. Sukulu zambiri zimalemba mtengo wa maola ochepetsetsa amene lamulo likulola, pamene zikudziwa kuti wophunzira wamba adzapyola. Mabuku, ndalama za mayeso, malipiro a woyesa, zomvera za m'makutu, chitupa chokhalira m'dziko la eni, kodi zili momwemo? Ngati mulibe, onjezani nokha, n'kuikanso ina pambali ya tsoka.

Tsono ndani alipire? Kwathu kuno udindo wa mwana wa mlongo umagwera amalume, ndipo ine ndinamuuza mosabisa kuti ngakhale titagulitsa boti, injini ndi chilimira, sitingafike pa maola 200. Banki m'khonde ndi yogulira feteleza, siingakwanitse izi. Ngongole ya kubanki, pamene chiwongoladzanja chakhala choposa 20 peresenti m'zaka zaposachedwazi, imayamba kubereka mwana asanakwere ndege, ndipo chikole chake chimakhala nyumba. Za katapila tisatchule n'komwe. Njira yotsala kwa mwana wa msodzi ndi ya mlovi, kuphunzirira pa boti la wina. Asilikali a dziko lino ali ndi nthambi ya ndege ndipo amaphunzitsa anthu awo, koma wolowa kumeneko adziwe kuti ndi msilikali choyamba, adzadutsa maphunziro a usilikali onga a ku MAFCO ku Salima, ndipo mpando wa m'ndege sulonjezedwa kwa aliyense. Makampani a ndege nawo nthawi zina amatenga achinyamata kukawaphunzitsa, pa pangano loti adzawagwirira ntchito zaka zingapo kapena kubweza ndalama. Mipata yotere ndi yosowa ngati mpasa wa mu Bua masiku ano, imalengezedwa poyera, ndipo siigulidwa kwa munthu wa pa WhatsApp wofuna ndalama ya fomu.

Ngakhale chiphaso chili m'thumba, nkhani siinathe. Msika wathu ndi waung'ono. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo Malawi Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, ili ndi ndege zowerengeka pa zala. Ndege yaikulu iliyonse, kaya Boeing 737 kaya Dash 8, imafuna maphunziro akeake, enanso olipira. Ambiri amayamba ndi kuphunzitsa anzawo, kapena kuulutsa tindege ta alendo, tonga topita ku Likoma kapena ta ku Maun m'dziko la Botswana, pa malipiro ochepa, kusonkhetsa maola. Sukulu yolonjeza kuti ntchito ndi yotsimikizika ikulonjeza nsomba zimene zidakali m'madzi.

Sindinafune kuti mnyamatayo achoke atagwa mphwayi, chifukwa njirayi Amalawi aiyenda. Yolanda Kaunda anaphunzira ku South Africa ndipo anakhala mayi woyamba wa dziko lino kufika pa ukapitawo wa ndege. Mu Malichi 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege ya Malawi Airlines kupita ku Dar es Salaam, onse ogwira ntchito m'ndegemo ali amayi. Ndinamuuza mnyamatayo kuti masamu, sayansi ndi Chingerezi zili m'manja mwake, pakuti pa wailesi ya m'ndege za pakati pa mayiko amalankhula Chingerezi ndipo pali mayeso ake. Zimenezo sizifuna marandi.

Koma chisanachitike china chilichonse, pali dokotala. Palibe amagula ukonde asanaone ngati boti likudontha. Wofuna CPL ayenera kupambana kuyezedwa kwa gulu loyamba: maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga. Magalasi pawokha saletsa munthu nthawi zambiri. Chimene chimagwetsa anyamata ena ndi kulephera kusiyanitsa mitundu, matenda obadwa nawo amene mwini wake angakule nawo osadziwa. Ndege, monganso sitima ya panyanja, imayatsa nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja, ndipo woyendetsa ayenera kuzisiyanitsa usiku. Kuyezedwa kumeneku ndi kotsika mtengo kuposa zonse ndatchulazi, ndipo kungapulumutse puloti ya banja.

Lolemba likudzali ine ndi mwana wa mlongo wanga tikwera minibasi ya ku Salima, kenako ya ku Lilongwe, kukayezetsa maso.