Mtima ukamathamanga popanda choopsa

Mayi ali pamzere kuchigayo. Mwadzidzidzi mtima wayamba kugunda ngati ng'oma, thukuta lili kamukamu, mpweya ukubanika, manja akunjenjemera. Akuona ngati imfa yafika. Pakapita mphindi zingapo zonse zazilala. Kuchipatala amuyeza malungo, shuga ndi BP, sanapeze kanthu. Kunyumba ena ayamba kale kunong'onezana kuti amulodza.

Mayiyu sakunamizira. Thupi lake latulutsa adrenaline, mphamvu imene imatikonzekeretsa kuthawa tikakumana ndi choopsa, koma choopsacho palibe. Mantha ogwa mwadzidzidzi oterewa ndi mtundu umodzi wa matenda a nkhawa. Ena nkhawa yawo ndi yosatha: miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo akungoganiza za fizi, ana, maliro amene sanachitike, tulo osabwera, khosi ndi mapewa zili gwa. Enanso amaopa maso a anthu mpaka kusiya kupita kutchalitchi kapena kumsonkhano wa banki m'khonde.

Bungwe la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, amayi ochuluka kuposa abambo, koma wolandira chithandizo ndi mmodzi yekha mwa anayi. Izi n'zomvetsa chisoni, chifukwa matendawa amachizika.

Chithandizo chachikulu ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, amene amathandiza wodwala kuzindikira maganizo omuopseza, kupuma mwachifatse, ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene wakhala akuwathawa. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo ophunzitsidwa amamvetsera anthu pabenchi kuchipatala, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti odwala amapezadi bwino.

Mankhwala aliponso, monga fluoxetine, koma amachedwa kugwira ntchito, masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, ndiye musawasiye msanga. Diazepam amakhazika mtima pansi mwachangu koma thupi limamuzolowera, sayenera kumwedwa nthawi yaitali. Mowa ndi chamba zimangokolezera moto.

Yambirani pachipatala chapafupi, ndipo musangoti "mtima ukuthamanga". Auzeninso achipatalawo za mantha ndi kusowa tulo. Adokotala angafune kuyeza chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi, poti nazo zimathamangitsa mtima. Kukafunika akatswiri, angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.