MLANDU SUOLA, KOMA CHUMA CHIMATHA

M'dziko la America muli bungwe la Boma lotchedwa Securities and Exchange Commission, kapena SEC mwachidule, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1934, patapita zaka zisanu chigwere msika wa masheya wa ku New York. Ntchito yake ndiyo kuyang'anira ogulitsa masheya ndi osunga chuma cha anzao, kuti asachite chinyengo. Awerengi athu akamva kuti wonyenga wagwidwa ataba kwa zaka zambiri, amafunsa kuti, kodi oyang'anirawo anali kuti? Funso limeneli n'loyenera, ndipo tiyesa kuliyankha.

Choyamba tione m'mene mlandu umayendera. Umayamba ndi dandaulo la munthu, kapena ndi chinthu chachilendo chimene ofufuza aona m'mabuku. Akaona kuti nkhaniyo ili ndi mutu, amapatsidwa mphamvu yoitanitsa makalata a ku banki ndi yofunsa mboni zitalumbira. Pambuyo pake woganiziridwayo amalandira kalata yomuuza mlandu wake, napatsidwa mpata woyankha. Potsiriza akuluakulu a bungweli, amene malamulo amati akhale asanu, amagamula ngati nkhaniyo ipite kubwalo. SEC ingathe kulipiritsa munthu ndi kumletsa malonda, koma siingamuike m'ndende, pakuti imeneyo ndi ntchito ya oimba milandu a Boma ndi oweruza.

Zonsezi zimatenga pafupifupi zaka ziwiri mlandu usanafike kubwalo. Kuchedwa kotere sitingakutsutse, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso si bwino kuipitsa dzina la munthu popanda umboni. Koma kulinso kuchedwa kwa mtundu wina, kumene kunaoneka pa mlandu wa Bernard Madoff.

Madoff anali munthu wolemekezeka ku New York, amene nthawi ina anali wapampando wa msika wa Nasdaq. Anthu anali kumpatsa ndalama kuti awagulire masheya, koma iye sanali kugula kanthu. Anali kulipira akale ndi ndalama za atsopano, nawatumizira onse makalata onama oonetsa phindu. M'chaka cha 2000, katswiri wina wa masamu a chuma wa ku Boston, Harry Markopolos, anachenjeza SEC kuti phindu losatsika chaka ndi chaka silingakhale loona. Anachenjezanso mu 2001 ndi mu 2005, koma Madoff anapitirizabe kulandira ndalama.

Mkulu woyang'anira ntchito za SEC yomweyo, H. David Kotz, anaulula m'lipoti lake la 2009 kuti pakati pa 1992 ndi 2008 bungweli linalandira madandaulo akulu asanu ndi limodzi, ndipo linayendera kapena kufufuza Madoff kasanu. Tsono linalephera bwanji? Ofufuzawo anali kufunsa Madoff mwini, nalandira mapepala ochokera m'manja mwake, osatsimikiza kwa anthu ena. Mu 2006 anamfunsa nambala ya akaunti yake ku Depository Trust Company, kumene kumalembedwa masheya a amalonda, ndipo iye anaipereka akuganiza kuti wagwidwa. Koma palibe amene anakaona zimene zinali m'akauntiyo. Akadatero, akadapeza kuti masheya amene iye anali kunena kulibe.

Chimene chinamgwetsa ndi mabvuto a chuma a 2008, pamene anthu ambiri anafuna ndalama zao nthawi imodzi. Anaulula kwa ana ake, ndipo anamangidwa pa 11 December 2008. Mu June 2009 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 150, ndipo anafera komweko mu 2021. Makalata onama aja anali kuonetsa madola pafupifupi 65 biliyoni. Ndalama zenizeni zimene anthu anataya zinaposa madola 17 biliyoni, ndipo wosankhidwa ndi bwalo kuti azilondole, Irving Picard, anabweza zoposa 14 biliyoni. Ntchito imeneyi inatenga zaka zoposa khumi, okalamba amene anataya ndalama zao zopumira ntchito akudikira.

Nyumba ya Malamulo ya America inatengapo phunziro. Lamulo la 2010 linakhazikitsa mphotho ya oulula chinyengo, amene angalandire kuyambira magawo 10 kufikira 30 mwa magawo 100 a ndalama zolipiritsidwa pa milandu yaikulu. Ndithu wakutsina khutu ndi mnansi.

Kwa inu amene mumasunga kapena kuyendera mabuku a ndalama, kaya mu ofesi ya Boma kaya pa sukulu, phunziro lake ndi ili: buku lolembedwa bwino si umboni. Funsani ku banki, funsani wolandira ndalamayo, werengani katunduyo ndi maso anu, ngakhale mwini bukuyo akhale wolemekezeka chotani. Mlandu suola, n'zoona, ndipo Madoff analangidwa. Koma pa zaka zisanu ndi zitatu zimene zinapita chichenjezere Markopolos, anthu ena ambiri anapereka chuma chao kwa munthu amene kalata imodzi yokha ikadamuulula.